Mankhwala odzutsa chitetezo sadalowe m'malo mwa makina owotcha khansa ya m'mapapo

M'zaka zaposachedwapa kwafala uthenga wonena kuti madokotala akaphatikiza mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, omwe amatchedwa immunotherapy, ndi kuwotcha chotupa pa makina a radiotherapy, thupi la munthu wodwala khansa ya m'mapapo limaphunzira kudzimenyera lokha nkhondo, moti ngakhale zotupa zimene sizidawotchedwe zimafota. Uthengawu uli ndi choonadi ndithu, ndipo pali anthu amene ali moyo lero chifukwa cha kuphatikiza njira ziwirizi. Komabe choonadicho n'chopapatiza kuposa mmene ambiri amachifotokozera. Maganizo anga ndi akuti phindu lotsimikizika la kuphatikizaku lili pa gulu limodzi la odwala, likudalira ndondomeko imodzi ya kaperekedwe, ndipo maziko ake ndi radiotherapy yochitidwa bwino, osati botolo la mankhwala okwera mtengo. Wodwala, banja lake, ngakhalenso boma limene likuganiza zoika ndalama pa chithandizochi, akasokoneza mfundo imeneyi adzalipira zambiri pa chinthu chimene sichidatsimikizidwe, n'kusiya chimene chidatsimikizidwa kale.

Khansa ya m'mapapo ndi imene imapha anthu ambiri kuposa khansa ina iliyonse padziko lapansi. Bungwe la International Agency for Research on Cancer lidawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni adapezeka ndi nthendayi, ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni adamwalira nayo. Mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 85 amakhala ndi mtundu wotchedwa non-small cell, ndipo otsalawo amakhala ndi mtundu wa small cell umene umafalikira mwachangu kwambiri. Mawu akuti nthenda yafika patali amabisa magulu awiri osiyana, ndipo nkhani yonseyi yagona pa kusiyana kumeneku. Pa siteji 3, khansa imakhala itakula kapena italowa m'anabele a pakati pa chifuwa, kawirikawiri moti dokotala sangathe kuichotsa ndi opaleshoni, koma imakhala isanatuluke m'chifuwamo, choncho cholinga cha chithandizo chimakhalabe kuchiziratu. Pa siteji 4, khansa imakhala itafika kuchiwindi, kumafupa, kuubongo kapena kuphapo linalo, ndipo cholinga chimakhala kutalikitsa moyo ndi kuchepetsa ululu. Zimene zathandiza gulu loyambalo sizingangotengedwa n'kulonjezedwa kwa gulu lachiwirili.

Kagwiridwe ntchito ka mankhwalawa n'kosavuta kukamvetsa kwa ife amene tidazolowera kumva za asilikali a m'thupi pa nkhani ya HIV. Asilikali ena, otchedwa maselo a T, ali ndi mphamvu yozindikira ndi kupha maselo a khansa, koma ali ndi mabuleki achibadwa amene amawaletsa kuukira thupi la mwini wake. Limodzi mwa mabuleki amenewa ndi puloteni ya PD-1, imene Tasuku Honjo ndi anzake adaitulukira ku Kyoto, m'dziko la Japan, mu 1992. Zotupa zambiri zimadzikuta ndi puloteni ina yotchedwa PD-L1, ndipo iyi ikakhudzana ndi PD-1 msilikali uja amafooka n'kusiya kumenya. Mankhwala monga pembrolizumab ndi nivolumab amatseka PD-1, pamene durvalumab ndi atezolizumab amatseka PD-L1, ndipo zotsatira zake ndi zakuti mabuleki aja amamasuka. Honjo pamodzi ndi James Allison wa ku America, amene adafufuza za puloteni ina yoletsa yotchedwa CTLA-4, adalandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha ntchito imeneyi. Mankhwalawa sapha khansa mwa iwo okha, ndipo n'chifukwa chake sathandiza aliyense, pakuti ngati asilikali sakuchizindikira chotupa, kuwamasula sikupindula kanthu.

Apa ndi pamene ganizo lophatikiza ndi radiotherapy lidabadwira. Cheza cha makinawo chimaswa DNA ya maselo a khansa, maselowo akamafa amamwaza tizidutswa timene chitetezo cha m'thupi chimatha kutizindikira, ndipo malo owotchedwawo amatulutsa zinthu zoitana asilikali kuti abwere. Kafukufuku wa pa mbewa adaonetsanso kuti chotupa chikawotchedwa chimachulukitsa PD-L1 pofuna kudziteteza, zimene zidapereka chifukwa chomveka choperekera mankhwala otseka puloteniyo. Ganizoli n'lokongola, ndipo akatswiri monga Silvia Formenti ndi Sandra Demaria a ku New York alimenyera kwa zaka zambiri. Koma ganizo lokongola limayenera kuyesedwa pa anthu ambiri ogawidwa mwachisawawa m'magulu awiri, chifukwa mbiri ya zachipatala yadzaza ndi zinthu zimene zidagwira ntchito pa mbewa koma n'kulephera pa munthu.

Kuyesa kumene kudasinthadi kachizidwe ka nthendayi ndi kafukufuku wotchedwa PACIFIC, amene adatsogoleredwa ndi Scott Antonia ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2017 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Odwala 713 a m'mayiko 26, onse a mtundu wa non-small cell wa siteji 3 amene sakadatha kuchitidwa opaleshoni, adayamba alandira mankhwala opha maselo a khansa, otchedwa chemotherapy, pamodzi ndi radiotherapy mpaka kumaliza. Pambuyo pake, pasanathe masiku 42, awiri mwa atatu alionse adayamba kulandira durvalumab kudzera m'dilipi masabata awiri alionse kwa miyezi yosaposa 12, ndipo otsalawo adalandira dilipi yongoyerekezera yopanda mankhwalawo. Theka la olandira durvalumab adakhala miyezi 16.8 kapena kuposerapo nthenda isanayambirenso kukula, pamene m'gulu linalo nthawiyo idali miyezi 5.6. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidavomereza chithandizochi mu February 2018. Odwalawo atatsatiridwa kwa zaka 5, zidapezeka kuti 42.9 peresenti ya olandira durvalumab adali moyo, poyerekeza ndi 33.4 peresenti ya gulu linalo, ndipo 33.1 peresenti adali moyo popanda nthenda kubwerera, poyerekeza ndi 19.0 peresenti.

Manambala amenewa ndi oyenera kuwalemekeza, chifukwa kwa zaka zambiri m'mbuyomo zoyesa zowonjezera mphamvu ya chithandizo cha siteji 3 zinkangolephera. Chitsanzo chodziwika ndi kafukufuku wa RTOG 0617, amene adayesa kukweza mlingo wa cheza kuchoka pa 60 Gy kufika pa 74 Gy (Gy ndi muyeso wa kuchuluka kwa cheza), n'kupeza kuti olandira mlingo wokwerawo ankamwalira msanga, theka lawo pofika miyezi 20.3 poyerekeza ndi miyezi 28.7. Choncho kupeza njira imene yawonjezera anthu 9 kapena 10 mwa 100 alionse pa chiwerengero cha amene amafika zaka 5 ali moyo ndi chinthu chachikulu, ndipo aliyense amene amanyoza immunotherapy ngati malonda chabe a makampani akulakwitsa. Komanso manambala omwewo akunena chinthu china chimene sichimvekamveka. M'gulu limene silidalandire durvalumab, munthu mmodzi mwa atatu adafikabe zaka 5 ali moyo, makamaka chifukwa cha chemotherapy ndi radiotherapy. Mwa anthu pafupifupi 43 pa 100 alionse amene adapulumuka m'gulu la mankhwala atsopano, pafupifupi 33 akadapulumukabe popanda mankhwalawo. Gawo lalikulu la ntchito lidagwiridwa ndi makina owotcha aja, ndipo durvalumab idawonjezera pa zimene zidachitika kale.

Palinso malire ena a kafukufukuyu amene wowerenga ayenera kuwadziwa. Amene adaloledwa kulowamo ndi okhawo amene adakwanitsa kumaliza chithandizo choyambacho, nthenda yawo isanakule, ndiponso adali ndi mphamvu zoyenda ndi kudzisamalira okha. Odwala ofooka, amene m'zipatala zenizeni ndi ochuluka, sadali nawo. Kafukufukuyu adalipiridwa ndi kampani ya AstraZeneca yomwe imapanga mankhwalawo, zimene sizikutanthauza kuti zotsatira zake n'zabodza, koma zimafuna kuti tiziwerenge mosamala. M'gulu loyerekezera lija, amene adadzalandira immunotherapy nthenda itabwerera sadakwane gawo limodzi mwa magawo atatu, choncho funso loti phindu likadakhala lalikulu bwanji onse akadailandira pa nthawi imeneyo silidayankhidwe mokwanira. Akuluakulu oona za mankhwala ku Ulaya adavomereza durvalumab kwa okhawo amene chotupa chawo chili ndi PD-L1 pa maselo osachepera 1 peresenti, chifukwa kwa enawo phindu pa kutalika kwa moyo silidaoneke bwino. Chachikulu koposa kwa ine n'chakuti odwala onse a mu PACIFIC adawotchedwa, motero kafukufukuyu sangatiuze ngati cheza chidadzutsadi chitetezo monga ganizo lija limanenera, kapena ngati durvalumab idangosesa timaselo ta khansa timene tidali titathawira kale m'magazi. Kwa wodwala amene wachira kusiyanaku kulibe kanthu, koma kwa amene akufuna kugwiritsa ntchito zotsatirazi polonjeza zodabwitsa pa siteji 4, kusiyanaku n'kwakukulu.

Zimene zidachitika pambuyo pake zidatsimikiza kuti nkhaniyi si yongosakaniza zinthu ziwiri zabwino n'kuyembekeza zabwino koposa. Akatswiri ambiri adaganiza kuti ngati durvalumab imathandiza ikaperekedwa radiotherapy itatha, ndiye kuti idzathandiza koposa ikaperekedwa nthawi imodzi ndi radiotherapy, pamene maselo a khansa akufa ndi kumwaza tizidutswa tija. Kafukufuku wa PACIFIC-2 adayesa zimenezi pa odwala 328, ndipo mu 2023 kampaniyo idalengeza kuti sadakwaniritse cholinga chake. Kafukufuku wina wamkulu, CheckMate 73L, amene adapereka nivolumab pamodzi ndi chemotherapy ndi radiotherapy, nayenso adalephera kuposa njira ya PACIFIC, ndipo izi zidalengezedwa mu 2024. Chifukwa chimodzi chimene akatswiri amachiganizira n'chakuti asilikali a m'thupi ndi ena mwa maselo osachedwa kufa ndi cheza. Magazi onse a munthu amadutsa m'mapapo ndi mumtima, choncho wodwala akamawotchedwa pachifuwa tsiku lililonse kwa masabata 6, asilikali ake ambiri amadutsa m'njira ya chezacho n'kufa, ndipo anabele a pakati pa chifuwa, momwe asilikaliwo amaphunzirira kuzindikira mdani, amawotchedwanso. Cheza chomwecho chimene chingadzutse chitetezo chingathenso kuchifooketsa, malinga ndi mlingo wake, kukula kwa malo owotchedwa ndi nthawi yake.

Ndondomeko yoyamba ndi kuwotcha kenako n'kupereka mankhwala idapambananso pa mtundu wa small cell. Mu kafukufuku wa ADRIATIC, amene adasindikizidwa mu 2024, odwala amene nthenda yawo idali isanatuluke m'chifuwa adalandira durvalumab atamaliza chemotherapy ndi radiotherapy, ndipo theka lawo adakhala moyo miyezi 55.9 kapena kuposerapo, poyerekeza ndi miyezi 33.4 m'gulu loyerekezera. Chaka chomwecho kafukufuku wa LAURA adaonetsa kuti odwala a siteji 3 amene khansa yawo ili ndi kusintha kwa chibadwa cha maselo kotchedwa EGFR amathandizika kwambiri ndi mapiritsi a osimertinib pambuyo pa radiotherapy, moti nthenda idachedwa kubwerera kwa miyezi 39.1 poyerekeza ndi 5.6. Osimertinib si immunotherapy, ndipo kwa odwala a gulu limeneli durvalumab sidaonetse phindu looneka bwino. Izi zikutanthauza kuti munthu akhoza kugula mankhwala okwera mtengo koposa n'kupeza kuti si oyenera chotupa chake, ngati kanyama ka chotupacho sikadapimidwe mokwanira.

Tsopano tifike pa siteji 4, pamene chiyembekezo chimagulitsidwa kwambiri. Mu 1953 katswiri wa ku Britain, R. H. Mole, adapereka dzina lakuti abscopal ku chinthu chosowa chimene madokotala ankachiona mwa apo ndi apo, choti chotupa chimodzi chikawotchedwa china chakutali chimafota. Kwa zaka zambiri izi zinkangolembedwa ngati zodabwitsa za munthu mmodzimmodzi, kufikira mu 2012 pamene madokotala a chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York adafotokoza za mayi wodwala khansa ya pakhungu ya melanoma amene zotupa zake zakutali zidafota atawotchedwa malo amodzi uku akulandira ipilimumab, mankhwala otseka CTLA-4. Nkhani imeneyi idayatsa chidwi padziko lonse. Ku Netherlands, Willemijn Theelen ndi anzake adachita kafukufuku wa PEMBRO-RT pa odwala 76 a khansa ya m'mapapo yofalikira. Ena adalandira pembrolizumab yokha, ndipo ena adayamba awotchedwa chotupa chimodzi katatu, 8 Gy ulendo uliwonse. Patatha masabata 12, zotupa zosawotchedwa zidafota mwa 36 peresenti ya gulu lowotchedwa ndi 18 peresenti ya gulu linalo. Kusiyanaku kukuoneka kwakukulu, koma odwala adali ochepa moti malinga ndi masamu amene ofufuzawo adadziikira okha, kafukufukuyu sadakwaniritse cholinga chake. Zotsatirazi zitaphatikizidwa ndi za kafukufuku wina waung'ono wa chipatala cha MD Anderson ku Texas, kukhala odwala 148, zidaoneka ngati theka la owotchedwa adafika miyezi 19.2 ali moyo poyerekeza ndi miyezi 8.7 m'gulu linalo, ndipo manambala amenewa ndi amene amabwerezedwa kawirikawiri ndi olimbikitsa njirayi.

Chimene sichibwerezedwa ndi chakuti kafukufuku wotsatira sadapeze zomwezo. Jonathan Schoenfeld ndi anzake ku Boston adayesa kuwonjezera radiotherapy pa durvalumab ndi tremelimumab, mankhwala ena otseka CTLA-4, kwa odwala amene immunotherapy idali itasiya kuwathandiza, ndipo mu 2022 adalengeza kuti kuwotchako sikudawonjezere kanthu, moti kafukufukuyo adaimitsidwa pa njira. Mu 2024 kafukufuku wa NRG-LU002, amene adayesa kuwotcha zotupa za odwala amene khansa yawo yafalikira malo ochepa ndipo ambiri a iwo ankalandira immunotherapy, nayenso sadaonetse kuti nthenda ikuchedwa kukula. Kuphatikiza zotsatira za kafukufuku waung'ono pambuyo poti zadziwika kale ndi njira yabwino yodzutsira funso, koma si njira yoliyankhira. Sindikunena kuti abscopal ndi bodza, chifukwa zimachitikadi, ndipo kafukufuku wa m'malabotale waonetsa kuti mlingo wa cheza ukakwera kwambiri pa ulendo umodzi maselo amatulutsa puloteni ya TREX1 imene imafafaniza chizindikiro choitana asilikali chija, zimene zikupereka chiyembekezo choti mwina mlingo woyenera udzapezeka. Chimene ndikunena n'chakuti pakadali pano palibe dokotala amene angalonjeze wodwala wa siteji 4 kuti kuwotcha chotupa chimodzi kudzafotetsa zinzake, ndipo amene akulonjeza zimenezi akunena zoposa umboni.

Izi sizikutanthauza kuti wodwala wa siteji 4 asawotchedwe. Radiotherapy imaletsa kutsokomola magazi, imatsegula njira ya mpweya imene chotupa chatseka, imachepetsa ululu wa khansa imene yalowa m'mafupa ngakhale pa ulendo umodzi wokha wa 8 Gy, imapulumutsa miyendo chotupa chikayamba kupanikiza mtsempha wa pamsana, ndiponso imalamulira zotupa za muubongo. Zonsezi ndi zifukwa zokwanira, ndipo umboni umene ulipo ukusonyeza kuti kuchita zimenezi wodwala ali pa immunotherapy nthawi zambiri sikubweretsa ngozi yoposa muyeso. Kusiyana kuli pa cholinga chimene wodwala amauzidwa. Kumuuza kuti tikuwotcha kuti ululu uthe ndi chilungamo, pamene kumuuza kuti tikuwotcha kuti thupi lonse lichire ndi kumugulitsa zimene zikadali m'manja mwa ofufuza.

Wina angatsutse kuti munthu amene imfa yamuyandikira alibe chotaya, choncho palibe choipa kuyesa chilichonse chimene chili ndi kamwayi. Mfundoyi ndimaimvetsa, ndipo sindingaweruze banja limene likuyesa zonse pofuna kupulumutsa wokondedwa wawo. Komabe si zoona kuti munthu wotere alibe chotaya. Njira ziwirizi zonse zimatha kutupitsa mapapo, vuto lotchedwa pneumonitis. Mu PACIFIC vutoli lidagwira 33.9 peresenti ya olandira durvalumab ndi 24.8 peresenti ya gulu linalo, ngakhale kuti amene lidawafika poopsa adali ochepa, 3.4 peresenti poyerekeza ndi 2.6 peresenti, ndipo 15.4 peresenti ya olandira mankhwalawo adawasiya chifukwa cha zovuta zosiyanasiyana. Asilikali omasulidwa aja amathanso kuukira chithokomiro, matumbo, chiwindi, khungu, ngakhale mtima, ndipo zina mwa zovutazi zimakhala za moyo wonse. Kuwonjezera apo pali mtengo. Ku America, chaka chimodzi cha mankhwala a mtundu umenewu chimaposa madola 100,000 pa mtengo wolembedwa. Banja limene lagulitsa munda, ng'ombe kapena nyumba kuti wodwala akalandire madilipi awiri kapena atatu kunja kwa dziko, ndalama n'kutha asanamalize, limataya wodwalayo pamodzi ndi tsogolo la ana otsala, ndipo miyezi yomaliza imene akadakhala pakati pa abale ake amaithera m'chipinda chalendi kudziko lachilendo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo udindo woonetsa banja za m'katizo uli pa dokotala, chifukwa ndiye amene amadziwa manambala.

Kafukufuku yense amene ndatchulayu adachitikira makamaka ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, koma phunziro lake likutikhudza mwachindunji kuno kwathu. Kwa zaka zambiri Amalawi ofunika radiotherapy ankatumizidwa kunja, ku India, ku Tanzania kapena ku Zambia, kumene chipatala cha Cancer Diseases Hospital cha ku Lusaka chakhala chikugwira ntchitoyi kuyambira m'zaka za m'ma 2000. Malawi adali m'gulu la mayiko oyamba a ndondomeko ya Rays of Hope, yothandiza mayiko kukhala ndi chithandizo cha radiotherapy, imene bungwe la International Atomic Energy Agency lidakhazikitsa mu 2022, ndipo malo a National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe adatsegulidwa mu 2025. M'chaka chomwecho bungwe la World Health Organization lidaika pembrolizumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira othandizira khansa ya m'mapapo yofalikira. Zinthu ziwirizi zikafika pamodzi, padzakhala chikakamizo, chochokera kwa odwala, andale ndi ogulitsa mankhwala, choti ndalama zochepa zimene zilipo zipite ku mankhwala atsopanowa. Ine ndikuona kuti kwacha iliyonse iyenera kuyamba yapita ku zimene zimapangitsa kuti wodwala afike pa makina nthenda ikadali pa siteji yochizika, ndiponso kuti amalize masabata 6 a chithandizo popanda kudukiza chifukwa makina awonongeka, magetsi azima, katswiri woyeza cheza wachoka, kapena wodwalayo wasowa pogona ndi chakudya mumzinda. Kudukiza radiotherapy kumapatsa khansa mpata wochulukananso, ndipo palibe dilipi imene ingabweze mwayi wotayika mwa njira imeneyi. Makina omwewo ndi amene akudikiriridwa ndi amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, imene ndiyo yochuluka kwambiri pakati pa amayi a ku Malawi, choncho ndalama yosamalira makinawo imapindulira anthu ambiri kuposa odwala mapapo okha.

Chopinga chachikulu koposa m'dera lathu chili pa chiyambi penipeni. Munthu wotsokomola kwa nthawi yaitali, woonda, wotuluka magazi m'makhololo, ndipo chithunzi cha pachifuwa chikuonetsa mthunzi, amaganiziridwa chifuwa chachikulu cha TB, ndipo kawirikawiri ganizolo limakhala lolondola. Koma pamene silili lolondola, wodwalayo amamwa mankhwala a TB kwa miyezi 6, nthawi zina n'kubwerezanso, ngakhale makhololo ake sadaonetse kachilombo, ndipo pofika nthawi imene wina waganiza za khansa, siteji 3 imakhala itasanduka siteji 4. Munthu ameneyu wataya mwayi wochira umene chemotherapy ndi radiotherapy zokha zikadamupatsa, ndipo mwayi umenewu ndi waukulu kuposa umene durvalumab imawonjezera. Lamulo losavuta loti wodwala amene sakupeza bwino pa mankhwala a TB, makamaka wamkulu amene adasutapo fodya kapena adagwirapo ntchito m'migodi, atumizidwe msanga kukajambulidwa pa CT scan ndi kukatengedwa kanyama kokapima, likhoza kupulumutsa anthu ambiri pa mtengo wochepa kwambiri. Kupima kanyamako n'kofunikanso chifukwa ndiko kumasonyeza mtundu wa khansa, kuchuluka kwa PD-L1 ndi kusintha kwa EGFR, zimene popanda kuzidziwa kugula immunotherapy kumakhala kungoyerekeza.

Palinso mafunso awiri amene kafukufuku wa kunja sadatiyankhire mokwanira. Anthu amene ali ndi HIV sankaloledwa kulowa m'kafukufuku wamkulu wambiri wa mankhwalawa, ngakhale kuti ali pa chiopsezo chokulirapo cha khansa ya m'mapapo. Kafukufuku waung'ono, monga wa DURVAST wa ku Spain umene udali ndi odwala 20, adasonyeza kuti amene akumwa ma ARV mokhulupirika akhoza kulandira durvalumab popanda kachilombo kuchulukanso, ndipo uwu ndi uthenga wolimbikitsa, koma anthu 20 si okwanira kumangirapo ndondomeko ya dziko. Funso lachiwiri ndi la TB yeniyeniyo. Madokotala m'mayiko angapo alembapo za odwala amene TB yawo yogona idadzuka atayamba mankhwala otseka PD-1, ndipo mankhwala a steroid amene amaperekedwa pothana ndi pneumonitis amafooketsa chitetezo, zimene zimapatsanso TB mpata. Wodwala wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amene ali ndi zipsera za TB yakale m'mapapo, akayamba kubanika miyezi iwiri atamaliza kuwotchedwa ndipo ali pa durvalumab, dokotala wake ayenera kusiyanitsa zinthu zinayi zimene zimaoneka mofanana pa chithunzi, zomwe ndi kutupa kobwera ndi cheza, kutupa kobwera ndi mankhwala, TB imene yadzuka, ndi khansa imene yabwerera. Chithandizo cha chimodzi chikhoza kukulitsa chinzake, chifukwa steroid woperekedwa kwa munthu amene vuto lake ndi TB angathe kumupha. Yankho la funso limeneli silidzachokera ku Boston kapena ku Amsterdam, kumene odwala otere ndi osowa, choncho zipatala za ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka ziyenera kuyamba kulemba mwadongosolo mbiri ya wodwala aliyense amene walandira njira ziwirizi, kuyambira woyamba, pamodzi ndi zotsatira za kupima TB ndi HIV chithandizo chisanayambe, n'kumagawana zimene zikupezeka.